Buku Lomwe Linamwa Madzi

Kamtsikana kena ankakatchula kuti Kaphokoso. Dzinali sanakanamizire ayi.

Kaphokoso anali ndi buku loimba. Bukulo linali ndi zithunzi. Linalinso ndi batani lofiira. Ukadina batani, buku linkaimba:

"Bakha wavala nsapato,
phwa, phwa, phwa.
Chule wavala chipewa,
dumphu, dumphu, dumphu."

Kaphokoso anali ndi kamlongo kake kakhanda, Masaya. Masaya ankakonda kudina batani.

Tsiku lina Masaya ankasamba m'beseni. Anaona bakha wa m'buku. Bakha amakonda madzi, si choncho? Masaya anakoka buku lija. Chubwi!

Amayi analiyanika pa windo. Buku linauma. Masamba ake anakwinyika.

Kaphokoso anadina batani. Zii.
Anadinanso. Zii.

"Buku lamwalira," anatero achimwene ake aakulu. "Maliro ndi nthawi yanji?"

Abambo ankasesa m'nyumba. Anabwera ndi dengu la zinyalala.

"Bweretsa kuno, mwanawe. Chinthu chakufa sachisunga m'nyumba."

"Ayi," anatero Kaphokoso.

Anaika buku pansi. Analikhalira.

"Dzuka," anatero abambo.

"Ayi. Silinafe. Langosasa mawu. Inunso munasasa mawu tsiku lija. Tinakutayani?"

Abambo anatsokomola. Amayi anabisa nkhope kuseri kwa chitseko. Mapewa awo ankagwedezeka.

"Chabwino," anatero abambo. "Galimoto ya zinyalala ikubwera. Buku liimbe. Likapanda kuimba, likwera galimoto."

Kaphokoso analigwedeza. Zii.
Analiuzira mpweya. Zii.
Analinong'oneza, "Imba, iwe. Usandichititse manyazi." Zii.

Kunja, galimoto inalira. Pii, pii. Inali pafupi.

Masaya anabwera chokwawa. Anatsegula buku. Anaona bakha. Anadina batani. Zii.

Milomo ya Masaya inayamba kunjenjemera. Misozi inalengeza.

Kaphokoso anatsegula pakamwa:

"Bakha wavala nsapato,
phwa, phwa, phwa."

Masaya anayang'ana buku. Anayang'ana Kaphokoso. Anatembenuza tsamba. Anadina batani.

"Chule wavala chipewa,
dumphu, dumphu, dumphu."

Masaya anaseka. Anaomba m'manja.

"Mwamva?" anatero Kaphokoso. "Laimba."

"Kubera kumeneko," anatero achimwene. "Waimba ndi iwe."

"Tsekani buku muone."

Achimwene anatseka buku. Kaphokoso anatseka pakamwa. Zii.

Achimwene anatsegula buku. Masaya anadina. Nyimbo inatuluka.

Anatsekanso. Zii.

"Bakha ali m'buku," anatero Kaphokoso. "Nyimbo ili mwa ine. Mukataya buku, munditaye ndi ine ndemwe."

Ananyamula buku lake. Analowetsa mwendo umodzi m'dengu. Analowetsa winanso. Anaima nji, chibwano m'mwamba.

Pii, pii. Galimoto inaima pa khomo.

"Zinyalala zilipo?" anafuula woyendetsa.

Abambo anayang'ana dengu. Anayang'ana Kaphokoso. Anakanda m'mutu.

"Zilipo," anayankha abambo. "Koma izi mungazibweze. N'zaphokoso."

Ananyamula Kaphokoso pamodzi ndi buku lake. Anamuika pa mpando. Dengu linapita kunja lokha.

Abambo anakhala pansi kuti apume. Masaya anakwera pa miyendo yawo. Anawayang'ana pankhope. Anaona mphuno. Inali yaikulu ngati batani.

Masaya anadina.

"Ine sindiimba," anatero abambo.

Masaya anadinanso.

"Ndati sindiimba, iwe."

"Likapanda kuimba, likwera galimoto," anatero Kaphokoso. "Amayi, itaneni galimoto ija."

Abambo anakhosomola. Kenako anatsegula pakamwa:

"Bakha wavala nsapato,
phwa, phwa, phwa."

Mawu awo anali ngati chitseko chadzimbiri. Achimwene anagwira makutu. Amayi anakhala pansi ndi kuseka. Masaya anadina, nadina, nadinanso.

"Buku ili ndiye lamwa madzi ambiri," anatero Kaphokoso. "Koma tisalitaye, amayi. Tizingolisunga."