Merinda ndi Mapazi a Jai

Merinda ankakonda kuyang'ana pansi. Amayi ake ankadziwa kuwerenga mapazi pamchenga. Merinda nayenso ankafuna kudziwa.

Sukulu itatsekera, banja lonse linakwera galimoto. Abambo ankayendetsa. Amayi anakhala kutsogolo. Merinda anakhala kumbuyo ndi mlongo wake wamng'ono, Jai. Pamwamba pa galimoto anamangapo tenti ndi zigubu za madzi.

Anayenda, nayenda, nayenda. Msewu wa phula unatha. Nyumba zinatha. Kunatsala mchenga wofiira ndi udzu wobaya.

Akaima, amayi ankaloza pansi. Apa padutsa kangaru, nyama yoyenda modumpha. Apa padutsa emu, chimbalame chosauluka. Apa ng'azi yakoka mchira. Merinda ankagwada n'kuyang'anitsitsa. Nthawi zina ankakhoza. Nthawi zambiri ankalakwa. Akalakwa, Jai ankamuseka.

Usiku ankagona m'tenti. Kukacha, ankapitiriza ulendo.

M'mawa wina anapeza tayala litaphwa. Abambo anatenga jeke. Amayi anayamba kupinda tenti. Merinda ankatsuka makapu. Atamaliza, anaitana Jai kuti adzamwe madzi.

Jai sanayankhe.

Anayang'ana m'galimoto. Munalibe Jai. Anayang'ana kuseri kwa mtengo. Kunalibe Jai. Chipewa chake chinali pampando. Botolo lake la madzi linalinso pomwepo. Ndipo dzuwa linali litayamba kuwotcha.

Abambo anaitana mokweza. Amayi anaitana mokweza. Kunali zii.

Pamsasa panali mapazi ambirimbiri, opondanapondana. Amayi anati aliyense afufuze mbali yake. Abambo analowera kumtsinje wouma. Amayi analowera kumiyala. Merinda analowera kumapiri a mchenga.

Merinda sanathamange. Anayenda pang'onopang'ono, maso ali pansi.

Anaona mapazi aakulu, ozungulira ngati mbale. Anali a ngamila. Pambali pake panali timapazi ta munthu. Timapazi topanda nsapato.

"Amayi! Ababa! Jai wadutsa apa. Watsatira ngamila."

Amayi anafika, nagwada. Anayang'ana pansi. Kenako anayang'ana Merinda.

"Waona bwino, mwanangu. Tsogola iweyo."

Merinda anatsogola. Timapazi tinakwera phiri la mchenga. Merinda anakwera. Timapazi tinatsika. Merinda anatsika. Abambo ankabwera m'mbuyo atanyamula madzi.

Kenako anafika pa nthaka yolimba, ya miyala yokhayokha. Timapazi tinasowa.

Merinda anafuna kulira. Amayi anafufuza kumanja. Merinda anafufuza kumanzere. Anazungulira, nazungulira.

Kenako Merinda anaona kamwala kamodzi katagubuduzika. Pamene kanachoka panali kadzenje katsopano. Kutsogolo kunali kaudzu kothyoka. Merinda anakodola makolo ake. Anatsata kaudzuko mpaka mchenga unayambanso. Timapazi tija tinaonekanso!

Patsogolo panali kamtengo kamodzi. Pamthunzi pake panakhala Jai. Milomo yake inali itauma. Kuphazi kwake kunali minga.

"Achemwali," anatero Jai, "ndimangofuna kuona mwana wa ngamila. Koma ngamilazo zandithawa."

Merinda anamukumbatira. Abambo anamupatsa madzi. Jai anamwa, namwa, namwa. Amayi anamuzula minga ija. Anamuuza kuti asadzachokenso yekha. Jai anavomera ndi mutu.

Abambo anamunyamula Jai paphewa. Anayang'ana uku ndi uku. Mapiri onse a mchenga anali ofanana. Onse anali ofiira.

Abambo anakanda m'mutu. "Merinda, nanga galimoto yathu ili mbali iti?"

Merinda anamwetulira. Analoza pansi. Panali mapazi a abambo. Panali mapazi a amayi. Panali mapazi ake omwe.

"Ndilondoleni, Ababa," anatero Merinda. "Musasochere."

Amayi anaseka mpaka misozi. Abambo anatsatira mwana wawo, Jai ali paphewa. Njira yonse ankangonena kuti, "Mwana wanga ameneyu. Mwana wanga ameneyu."