Zilembo Zakale za Thokozire

Inspekitala Hamisi Mdala anafika ku Kawale nthawi ili 7:20 m'mawa wa Lachiwiri. Thokozire Nkhoma, mayi wokonza makadi a ukwati ndi zikwangwani pa kompyuta, anali kwala pansi m'kashopu kake, bala lili kunkhongo. Laputopu ndi foni zinali pa tebulo. Sanali akuba amenewa.

Mdala anayamba ndi Leston, mwamuna wakale wa malemuyo, amene anthu anamumva akulalata pashopupo sabata yatha. Koma Leston anali kumaliro ku Mchinji kuyambira Lamulungu, ndipo mboni zinali mbwee.

Masana Mdala anabwerera kushopu ndi Ireen, mng'ono wa Thokozire.

"Kubanja kunali mkangano?"

"Nyumba ya ku Biwi, bwana. Bambo aang'ono, a Jeremiah, anatulutsa kalata yoti malemu bambo athu anawapatsa nyumbayo mu 1996. Akuti inalembedwa pa makina a taipi."

Ireen anamuonetsa chithunzi cha kalatayo pa foni. Pepala lachikasu, zilembo zokhala ndi timapazi ngati za m'mabuku akale, zonyenyeka m'mbali. Mdala anakweza maso kukhoma. Makadi a Thokozire anali ndi zilembo zomwezo, "g" aliyense mchira wake woduka pamalo amodzimodzi.

"Zilembo izi akulu anu anazitenga kuti?"

"Anajambula okha chaka chatha, kutengera chikwangwani chakale cha utelala cha bambo. Sanagulitsepo. Anangowaikira a Jeremiah m'kompyuta, poti amasindikiza mapepala a kutchalitchi."

Pofika 4:45 madzulo, a Jeremiah anali m'chipinda chofunsiramo mafunso, jekete ili pamwendo. Mdala anayala patebulo khadi ndi chithunzi cha kalata.

"Abambo, kalata ya 1996 ingalembedwe bwanji ndi zilembo zobadwa chaka chatha?"

Mkuluyo anayang'ana mapepalawo. Kenaka mapewa anagwa.

"Ndinkafuna ioneke yakale. Ndinkayesa ndi zilembo wamba za m'kompyuta."

"Dzulo munapita kushopu?"

"Anandiitana. Anati, 'Bambo, izi ndi zilembo zanga.' Sanakalipe ayi. Anangoti ndikaulule pamaso pa banja, apo ayi abwera kuno kupolisi." Anakankhira khadilo kumbali. "Njerwa za nyumba ija ndinaumba ndine, bwana. Zaka makumi atatu ndikugona m'kanyumba kakuseri. Achimwene atamwalira, ana anayamba kukamba zogulitsa. Ine ndikanalowera kuti?"

"Ndiye munatani?"

"Kalatayo ndinali nditamupatsa kuti aione. Ndinkailanda, iye osaisiya. Ndinamukankha. Anamenyetsa mutu pa makina odulira mapepala."

"Munaitana anthu?"

"Ndinatola kalata, n'kutseka chitseko."

Mdala anaika cholembera pansi.

"Pamene mumatseka chitsekocho, mwana wa achimwene anu anali atatsirizika?"

A Jeremiah anabisa nkhope m'jekete.

"Amapumabe, bwana. Amandiitana."