Ndani Akutembenuza Kachidole ka Chinatsu?

Chinatsu anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala m'mudzi wa m'mapiri, pakati pa minda ya mpunga. Ankakhala ndi amayi, abambo, mlongo wake wamkulu Genta, ndi agogo aamuna, a Shigeru.

Chinatsu anali ndi khumbo limodzi. Ankafuna kuona mzinda wa Osaka.

Tsiku lina abambo anayala mapu aakulu pansi.

"Loweruka sindipita ku ntchito," anatero abambo. "Tonse tipita ku Osaka!"

Chinatsu analumpha. Genta anaimba mluzu. Mphaka wawo Kinako anathawira kunsi kwa tebulo.

"Ine ndikufuna kuona linga lakale," anatero abambo. "Miyala yake ndi ikuluikulu. Mwala umodzi ndi waukulu ngati khoma la nyumba ino!"

"Ine ndikufuna kukwera bwato pamtsinje," anatero Genta. "Limadutsa pansi pa milatho yambiri!"

"Ine ndikufuna kukwera pamwamba pa nyumba yaitali," anatero amayi. "Pamenepo mzinda wonse umaoneka, mpaka kunyanja."

"Ine ndikufuna zonse!" anatero Chinatsu.

Onse anaseka. Koma abambo anaimika chala.

"Pali chinthu chimodzi," anatero. "Malo onsewa ndi a pabwalo. Mvula ikagwa, ulendo palibe. Ndipo tsiku langa lina lopuma lili kutali."

Agogo ankangoyang'ana kumwamba pazenera.

"Agogo, inu mukufuna kukaona chiyani?" anafunsa Chinatsu.

"Pitani inu, ana," anayankha agogo. "Ine ndili ndi munda."

Chinatsu sanafune mvula. Choncho anatenga kansalu koyera. Anaikamo thonje pakati. Anamanga ndi ulusi. Kanatuluka kachidole ka mutu wozungulira, kotchedwa teruteru.

Mwana aliyense wa kumeneko amakadziwa kachidole kameneka. Mutu ukakhala m'mwamba, kamaitana dzuwa. Mutu ukakhala pansi, kamaitana mvula.

Chinatsu anakapachika pakhonde, mutu m'mwamba. Sanakajambule nkhope.

"Uyambe wagwira ntchito," anakauza. "Ukatero ndikupatsa maso ndi pakamwa."

M'mawa Chinatsu anathamangira pakhonde. Anaima chilili. Kachidole kanali mutu pansi!

"Achimwene!" anafuula. "Ndinu mwatembenuza kachidole kanga!"

"Ine?" anatero Genta, mpunga uli m'kamwa. "Ndilibe nthawi ya zidole za makanda. Mwina mutu wake ndi wolemera ngati wakowo."

"Wanu ndiye wopepuka, mulibe kanthu!" anayankha Chinatsu.

Anakakonza bwinobwino, mutu m'mwamba. Anamanga mfundo ziwiri.

M'mawa mwake anathamangiranso pakhonde. Kachidole kanali mutu pansi!

"Kinako, kodi ndiwe?" anafunsa Chinatsu.

Kinako anangoyasamula. Mphaka samasula mfundo. Mphaka samanganso mfundo.

"Ndikugwira, iwe wotembenuza," anatero Chinatsu. Anakakonzanso, mutu m'mwamba.

Tsiku lotsatira Chinatsu analawirira. Mbalame zinali zitangoyamba kulira. Anabisala kuseri kwa chitseko cha pepala. Anasiya kampata kakang'ono.

Anadikira. Anadikirabe.

Kenako anamva mapazi. Gu, gu, gu.

Anali agogo! Anavala nsapato za m'munda ndi chipewa cha udzu. Anamasula ulusi pang'onopang'ono. Anatembenuza kachidole. Kenako anakaweramira mwaulemu.

"Pepa, kamnzanga," ananong'ona agogo. "Tipatseko mvula, ngakhale yochepa."

Chinatsu anakankha chitseko.

"Agogo! Ndakugwirani!"

Agogo anadzidzimuka. Chipewa chinagwa pansi.

"Ha! Wapolisi wamng'ono," anatero agogo. "Wandigwiradi. Koma usanandimange, tiye ukaone."

Agogo anamugwira dzanja. Anapita naye kumunda.

M'munda munalibe madzi. Nthaka inali itang'ambika. Chinatsu analowetsa chala mumng'alu. Chala chonse chinalowa. Mpunga unali waung'ono, nsonga zake zachikasu. Ngakhale chule mmodzi sankalira.

"Ino ndi nyengo ya mvula," anatero agogo. "Koma mvula yachedwa. Ikapanda kugwa sabata ino, mpunga ufa."

"N'chifukwa chake simukufuna kupita nafe?"

"Kufuna ndikufuna, mdzukulu wanga. Koma m'ngalande mukubwera timadzi tochepa. Ndiyenera kutilondera. Munda waludzu sausiya wokha."

Chinatsu anabwerera kunyumba. Anakhala pakhonde. Anayang'ana kachidole.

Ulendo unkafuna dzuwa. Mpunga unkafuna mvula. Kachidole kanali kamodzi.

Anaganiza. Anaganizabe. Kenako anathamangira kukhitchini. Amayi anabadwira ku Osaka, ndipo anakulira komweko.

"Amayi, kodi mvula ikagwa ku Osaka, anthu amatani?"

Amayi anaseka kwambiri.

"Iwe, anthu a ku Osaka si mchere. Sasungunuka!"

"Koma samanyowa?"

"Anyowe bwanji? Kuli msewu wokhala ndi denga. Ndi wautali zedi. Umayenda, umayenda, miyendo n'kutopa, denga lisanathe. Uku masitolo, uku masitolo. Fungo la zakudya lokhalokha!"

Maso a Chinatsu anakula.

"Msewu wa denga?"

"Eya. Ndipo pansi pa nthaka pali misewu inanso. Muli magetsi, muli masitolo, muli sitima. Anthu anzeru anakumba mzinda wina pansi pa mzinda."

"Nanga china?"

"Kufupi ndi nyanja kuli nyumba ya nsomba. Makoma ake ndi a galasi. Nsomba zimasambira pamwamba pa mutu wako."

Chinatsu anawomba m'manja. Anatenga mapu. Anatenga mabatani m'kabokosi ka amayi. Amayi ankaloza, iye n'kumaika batani. Batani lofiira pa msewu wa denga. Batani lobiriwira pa sitima yapansi. Batani loyera pa nyumba ya nsomba.

Madzulo, atatha kudya, Chinatsu anaimirira.

"Abambo, ndakonza ulendo wina. Dzina lake ndi Ulendo wa Mvula."

Anaonetsa batani lililonse. Anafotokoza bwinobwino. Paliponse panali denga.

"Nanga linga langa?" anafunsa abambo.

"Lakhalapo zaka zambirimbiri, abambo. Litidikira."

"Nanga bwato langa?" anafunsa Genta.

"M'nyumba ya nsomba muli chinsomba chamawangamawanga. Ndi chachikulu ngati bwato lanulo."

"Bodza!"

"Si bodza," anatero amayi. "M'kamwa mwake ungalowemo ndi chikwama chako chomwe."

Genta anayang'ana batani loyera. Kenako anati, "Chabwino. Bwato lidikire."

"Nanga nyumba yanu yaitali, amayi?" anafunsa Chinatsu.

"Nayonso ilibe miyendo," anatero amayi. "Sithawa."

Abambo anakanda kumutu. Anayang'ana mabatani aja. Anamwetulira.

"Mwanayu wandiposa," anatero. "Mvula igwe, isagwe, ulendo ulipo!"

Chinatsu anatembenukira kwa agogo.

"Nanga inu, agogo?"

"Munda ukamwa madzi, ndipita nanu," anatero agogo. "Ukapanda kumwa, nditsala."

Chinatsu anatuluka pakhonde. Anaona kuti kachidole kali mutu pansi. Ulendo uno sanakakonze. Anangolimbitsa mfundo.

"Tsopano gwira ntchito ya agogo," anakauza.

Amayi anabweretsa nsalu zina. Abambo anapanga kachidole kawo. Agogo anapanga kawo. Genta nayenso anapanga kake, ka mutu waukulu ngati dzungu.

"Si paja munati ndi zidole za makanda?" anatero Chinatsu.

"Kangaka ndi ka akuluakulu," anayankha Genta.

Tizidole tisanu tinalendewera pakhonde. Tonse mitu pansi.

Lachisanu linafika. Dzuwa linawala. Chinatsu anayang'ana kumwamba m'mawa. Kunalibe mtambo. Anayang'ananso masana. Kunali kamtambo kamodzi, kakang'ono ngati mpango. Agogo anakhala kumunda tsiku lonse.

Loweruka m'mamawa Chinatsu anamva kaphokoso padenga.

Tho. Tho. Tho tho tho.

Kenako waaa!

Anathamangira pakhonde. Mvula! Mvula yeniyeni! Kumunda achule anayamba kuimba onse pamodzi.

Agogo anali kale pakhomo. Sanavale nsapato za m'munda. Anavala jekete lawo labwino.

"Mukuchedwa, ana inu," anatero agogo. "Sitima sidikira munthu!"

Osaka anali wamkulu kuposa m'mene Chinatsu ankaganizira. Nyumba zinali zazitali mpaka kulowa m'mitambo. Sitima yapansi inafika pa nthawi yake. Anthu anaima pamzere, osakankhana.

Mumsewu wa denga mvula inkaomba pamwamba. Koma pansi panali pouma. Amayi ena ogulitsa anawaitana.

"Bwerani, achikulire! Zotentha, zotentha! Mukadutsa mudandaula mpaka chaka chamawa!"

Anagula tizitumbuwa tozungulira ta takoyaki. Agogo anaponya kamodzi m'kamwa.

"Hu! Hu! Hu! Moto!" anatero agogo, akupepeza pakamwa ndi dzanja.

Genta anaseka mpaka kutsamwa.

M'nyumba ya nsomba onse anayang'ana m'mwamba. Chinsomba chamawangamawanga chinadutsa pang'onopang'ono. Chinadutsa, chinadutsa, mchira osafika. Genta anayasama. Agogo anavula chipewa.

"Ndakalamba ndisanaone chotere," anatero agogo. Anafinya dzanja la Chinatsu.

Anabwerera kwawo dzuwa likulowa. Mvula inali itakata. Munda unali tho ndi madzi. Mpunga unaimirira, nsonga zili m'mwamba.

Chinatsu anatenga cholembera chakuda.

"Agogo, ndinyamuleni."

Agogo anamunyamula. Chinatsu anagwira kachidole kake. Anajambula diso limodzi. Anajambula diso lina. Kenako anajambula pakamwa pomwetulira.

"Wagwira ntchito," anakauza. "Zikomo."

"Kodi tikatembenuze tsopano?" anafunsa agogo.

Chinatsu anamvetsera achule. Anayang'ana munda.

"Ayi, agogo," anatero. "Kasiyeni choncho. Mpunga sunakhute."