Kabolodi Kotembenuka

Simbi inali ikadali yamoto pamene Mawaya anamaliza kusita malaya a makasitomala a bambo ake. Atelalawo anali ataphimba kale mashini awo, dzuwa likulowa, koma mtsikanayu anangowonjezera makala m'simbimo. Dzina la Mawaya silinamugwere pachabe. Anzake akamalukana tsitsi, iye amakhala ali chiweramire pa mawailesi akufa, zala zonse zipsera za mtovu wowotcherera. Chaka chimenecho anali atapeza kachipangizo kochepa ngati bokosi la machesi, kamene aphunzitsi ake a pafoni ankakatcha maikulokontolola. Iye ankangoti kabongo, chifukwa ukakauza zochita kamamvera ndipo sikaiwala.

Madzulo amenewo sankasewera ayi. Mudzi unali utaika m'manda ana atatu oyamwa m'miyezi itatu, ndipo onse anapita mofanana: kulira kosatonthozeka, kuwonda, kenako zii. Anthu ankanong'onezana kuti khomo la nyumba yomwe mwana akudwala limanunkha tsitsi lopserera kukamacha. Agalu anasiya kuuwa, ankangolira chapansipansi atapinda michira. Tsopano fungo lija linali litafika pakhomo pawo. Mwana wa mkulu wake wa Mawaya, kamnyamata ka miyezi isanu ndi itatu, kanali katayamba kukana bere. M'mawa uliwonse ankakapeza kali zii kuzizira, bulangete lake litanyowa mame, chonsecho kagona m'nyumba yotseka ndi mpiringidzo.

"Chinachake chikumalowa muno," anatero mayi a mwanayo, maso atatupa ndi kusagona. "Ndimayesetsa kukhala maso, koma tulo timandigwira ngati andimenya ndi mtengo."

"Ndichigwira," anayankha Mawaya. "Kabongo sikagona."

Azakhali, mlongo wamkulu wa atelala amene analera atsikanawa mayi awo atamwalira, anatsonya. Kutsonya kwawo kunali kwawokwawo, kwakutali, kothera ndi kadontho ka lilime ngati mpopi wotha madzi. "Mfiti n'kuigwira ndi mawaya? Ukanaphunzira kusoka bwenzi pano uli munthu."

Nzeru ya Mawaya inali yosavuta. Timaso tiwiri toona chodutsa, kena kunja kwa chitseko, kena m'kati. Kakunja kakayamba kuona, kabongo kalembe kuti WALOWA. Kam'kati kakayamba, kalembe kuti WATULUKA, pamodzi ndi nthawi yake. Patebulo, ndi mawaya omangirira, zinagwira bwinobwino. Chotsala chinali kabolodi kolumikiza timasoto ndi kabongo, ndipo kameneka anafuna kukapanga yekha. Anali atajambula njira za magetsi pafoni, n'kukasindikiza mapepala awiri kwa mkulu wa fotokope. Pakona anaikapo dzina lake, poti mmisiri aliyense ali n'kamatama kake.

Anavundikira pepala limodzi pa kabolodi ka mkuwa n'kudinikiza simbi mpaka inki inamatirira. Ananyika m'madzi, n'kusupula pepalalo ndi chala, n'kuponya kabolodiko m'kabakuli ka asidi wofiirira amene amadya mkuwa wonse kusiya pokhala inki. Mdima unali ukugwa, mwana akulira chosalekeza, atelala akukuwa kuti chitseko chitsekedwe. Anatsukuluza, kuboola, kuwotcherera, n'kukhomera pafelemu ya chitseko mbali ya mkuwa itayang'ana kukhoma. Mpiringidzo utagwa, anayatsa. Atadutsitsa dzanja pa kadiso kam'kati, kabongo kanalira kuti tii, ndipo mtima wake unakhala pansi.

Kutacha, banja lonse linaunjikana pa kagalasi kosonyeza mawu a kabongo. Fungo la tsitsi lopserera linali tho m'nyumba. Palibe anamva kulira kwa kabongo usikuwo, koma mizere iwiri inalipo. WALOWA, 1:12. WATULUKA, 3:50.

Mayi a mwana anakhala pansi mwadzidzidzi. "Maola onsewo chili m'nyumba muno? Chikuchita chiyani ndi mwana wanga?"

Atelala anagwira mpiringidzo. Unali momwe anausiyira. Mawaya anachita mantha, koma tinene zoona, pansi pa manthawo panali kachimwemwe kakuti chinthu chake chagwira ntchito.

Masiku anayi otsatizana mizere inali yomweyo, nthawi yomweyo. Nkhani inawanda. Amayi obwera ndi nsalu zosoketsa ankaima patali n'kumasuzumira kagalasiko, ndipo aliyense pochoka ankatchula dzina la amene akumukayikira. Mwana ankangotherathera, nthiti zili gwa, kulira kwake kutasanduka kwa mwana wa mphaka.

Kenaka azakhali anapita kukazonda mwana wawo wodwala kumudzi wina, nakagonako masiku awiri. Masiku awiriwo kagalasi kanacha kopanda kanthu. Fungo linatha, bulangete linali louma, ndipo mwana anayamwa mpaka kubyukula.

"Zaopa magetsi ako!" anatero atelala akuseka koyamba pa mwezi wonse. "Ndani ankati mwana wanga ndi wopenga?"

Chimwemwe chinawaphimba m'maso onse. Azakhali atabwerako, m'mawa wake mizere ija inabwereranso, ndipo mwana sanathenso kudzutsa mutu.

"Iwe watheratu ndi kusagona," azakhali anauza mayi a mwanayo masana. "Chipinda changa chilibe zenera, ndipo chili kutali ndi khomo. Lero ndigona naye ine."

Ndani akanakana? Manja omwewo ndi amene anamusambitsa mayiyo ali khanda.

Mawu akuti zenera anamukhala Mawaya m'mutu. Anaganiza zopanga kabolodi kachiwiri ka pazenera la mkulu wake. Madzulo atamaliza kusita, anatenga pepala lachiwiri lija, lofanana ndendende ndi loyamba, n'kulidinikiza ndi simbi. Ulendo uno kunali kukadali kowala. Atasupula pepala, anayang'ana pakona kuti aone dzina lake, ndipo analipeza likuwerengeka chobwerera, zilembo zitayang'ana kumanzere.

Anaiwala kutembenuza chojambula asanasindikize. Aliyense wa ntchito imeneyi amadziwa kuti simbi imasamutsa chithunzi ngati kalilole, chakumanja n'kupita kumanzere. Zikanakhala zida zambiri, kabolodiko kakanangokana kugwira ntchito ndipo akanadziwa msanga. Koma koyamba kaja kanali ndi timaso tiwiri tokha tofanana. Kanangosinthanitsa timasoto, kakunja n'kukhala kam'kati.

Anakumbukira mizere ya pakagalasi ija. Ndiye kuti panalibe cholowa 1 koloko n'kutuluka kukamacha. Panali chotuluka 1 koloko n'kubwerera kukamacha. Mame a pabulangete sanabwere ndi mlendo; mwanayo ndiye ankapita kumameko. Ndipo masiku awiri opanda mzere aja, ndani sanagone m'nyumbamo?

Simbi inagubuduzika pansi, makala mbwee. Mawaya anathamangira m'nyumba atelala akukonzeka kugwetsa mpiringidzo.

"Ababa, musatseke! Imani pomwepo muone."

Anayatsa kabongo, n'kutuluka pakhomo pang'onopang'ono. Tii. Atelala anaweramira pagalasi. "Kakuti walowa. Koma iwe watuluka."

"Ndinalakwitsa, ababa. Chinthucho sichichokera kunja. Mwana ali kuti?"

Mkulu wake anatuluka kukhitchini, manja ali ndi thovu. "Azakhali amutenga kale. Bwanji?"

Chitseko cha azakhali chinali chotseka, ndipo pansi pake pankatuluka fungo lija, lamphamvu kuposa masiku onse. M'katimo munkamveka kung'ung'udza, nyimbo yopanda mawu, koma mwana sankamveka. Atelala anagogoda kawiri. Kachitatu anagunda ndi phewa.

Azakhali anali atakhala pabedi atavala zaulendo, mwana ali pamiyendo pawo, tsitsi lake lapatsogolo litametedwa, likufuka m'kambale pansi. Sanadzidzimuke. Mayi a mwana anamutsomphola n'kumubisa pachifuwa, akulira mokuwa. Kanali kakupumabe, koma pang'ono kwambiri.

"Achemwali," atelala anatero. "Inu? Ana aja atatu?"

Azakhali sanawayang'ane n'komwe. Maso awo anali pa Mawaya. "Ndimakuona ukusita kapepala kako tsiku lija. Ndinati zachibwana." Anaimirira, n'kukonza mpango kumutu. "Ndinakulera ndi manja awa, iwe."

Mawu amenewo anamupweteka Mawaya kuposa china chilichonse, chifukwa anali oona. Palibe anawagwira. Anadutsa pakati pawo, anadutsa pabalaza, n'kutuluka pakhomo osanyamula ngakhale chikwama. Kabongo kanalira kuti tii, ndipo pagalasi panalembeka WALOWA. Atelala atasuzumira kunja, pabwalo panalibe munthu, kupatula galu atadzipanikiza kukhoma.

Kusanade, Mawaya anamasula mawaya a timaso tiwiri tija n'kuwasinthanitsa. Sanakhulupirirenso tii wachabe. Analowa n'kutuluka kakhumi, atelala akuwerenga mokweza, ndipo kakhumi konse kabongo kananena zoona. Anatseka, n'kugwetsa mpiringidzo. Onse anagona chipinda chimodzi, mwana ali pakati.

M'mawa kunacha bwino. Fungo panalibe. Mawaya anadzuka n'kumva mkulu wake akuseka, kuseka kwenikweni. "Bwera udzaone! Wayamwa mabere onse awiri. Wakhala tsonga yekha!"

"Ndikubwera," anayankha, koma anayamba wapita pachitseko. Mpiringidzo unali m'malo mwake. Anadina kabatani ka pakagalasi. WALOWA, 1:12.

Anadinanso kuti aone mzere wachiwiri. Panalibe. Anadina kachitatu, kachinayi. Anayang'ana mawaya, anayang'ana batire, akupempha mumtima kuti akhale atalakwitsanso. Zonse zinali bwinobwino.

Anayenda chozemba n'kukaima pakhomo la chipinda. Mwana anali atakhaladi tsonga pamiyendo pa mayi ake, masaya atayamba kubwerera, thupi lofunda. Atelala ankamuwombera m'manja, misozi ikutsika. Kamwanako kanatembenuza mutu pang'onopang'ono, n'kumuyang'ana Mawaya kuyambira kumapazi mpaka kumutu, monga amayang'anira munthu wamkulu.

Kenaka kanatsonya, kutsonya kwakutali, kothera ndi kadontho ka lilime.