Namasiku Apita Yekha ku Walvis Bay

Mvula ya mu Januwale 1995 inamupezera Namasiku pa siteji ya maminibasi ku komboni ya Maramba. Anali telala wa mumsika, ndipo tsikulo anakumbatira mtolo wa madiresi a eni ake kuti asanyowe, iye madzi akumuyenderera m'khosi. Mwadzidzidzi ambulera yakuda inamuphimba.

"Ba sisi, nsalu muzikonda kupambana moyo wanu?"

Anacheuka. Anali mnyamata wamtali, wa mpata kumano, zala zakuda ndi girisi. Dzina lake anali Titus, makaniko wa ku komboni ya Linda.

"Moyo ni wanga, nsalu ni za eni ake," anayankha Namasiku.

"Ndiye imwe sungani nsalu, ine nisunge moyo."

Namasiku anaseka asakufuna. Minibasi itafika, onse awiri anaileka ipite!

Kuyambira pamenepo Titus sankadutsa pamsika osaima pa makina a Namasiku. Ankamutchula kuti "Siku wanga", nthawi zina "duwa la ku Maramba". Mtsikana angakane bwanji mawu otere?

Chaka chisanathe, Titus anapeza ntchito yokonza injini za maboti a nsomba ku Walvis Bay, m'dziko la Namibia. Tsiku lonyamuka anamugwira manja onse awiri.

"Siku wanga, nikakhazikika chabe nizabwera kukutenga. Uzaona nyanja yamchere, yosaoneka tsidya. Kulibe mkazi wina angalowe mumtima muno, nalumbira!"

Poyamba makalata ankabwera sabata iliyonse. "Wokondedwa Siku, mafunde a kuno amatchula dzina lako." Kenaka ankabwera kamodzi pamwezi. Namasiku atalemba kuti akufuna kukamuona, yankho linali lalifupi: "Usayese kubwera wekha, mtima wanga. Njira ni yoopsa kwa mkazi. Yembekeza ine."

Anayembekeza miyezi ina isanu ndi iwiri, kuli zii. Adwala kodi? Kapena ntchito yamuthera, akuchita manyazi? Tsiku lina m'mawa anaimitsa makina pakati pa msoko, nati mumtima: ndikupita.

"Mwana wamkazi yekha?" anakuwa mayi ake. "Iwe ngakhale ku Lusaka sunafikeko!"

"Amayi, nikakhala pano nizakalamba nili kuyang'ana wa positi."

Anakajambulitsa zithunzi, nakaima pamzere wa mapasipoti kangapo konse mpaka kabuku kanatuluka. Njira anaifunsa kwa ba Lonah, mayi wogulitsa mabulangete pamsika, amene ankakaoda katundu ku Katima Mulilo, m'malire a Namibia.

"Lemba, mwana wanga," anatero ba Lonah. "Sesheke, uwoloke Zambezi. Katima, Rundu, Otjiwarongo. Kupitirira apo ine siniziwako, uzafunsa. Pasipoti usapatse munthu aliyense wopanda yunifomu. Ukasokera, funsa mzimayi wamwana kumsana."

Namasiku analemba zonse kumapeto kwa kope lake la miyezo. Anasokera kathumba kobisika m'kati mwa siketi, nasokanso malaya abuluu a Titus, muyezo wake akuukumbukira pamtima.

Msewu wa ku Sesheke unali maenje okhaokha, lole imene anakwera inkachita kukwawa. Namasiku atawoloka mtsinje, bambo wa pachipata cha m'malire anayang'ana pasipoti yatsopanoyo, namuyang'ananso iye.

"Muli ndi ndani?"

"Ndekha."

Chidindo chinagunda, phaa! Namasiku anatuluka panja akumwetulira ngati wapambana mayeso.

Anayenda masiku atatu. Anaona njovu zikudutsa msewu basi itaima kuzidikira. Ku Otjiwarongo anatsika pamalo olakwika, mayi wina wa diresi lalitali anamulondolera ndi manja, popeza chilankhulo sankamvana. Mitengo inayamba kuchepa, kenaka inatheratu, kunangotsala mchenga. Dziko lonseli linalipo iye akupalasa makina ku Maramba?

Anafika ku Walvis Bay masana, kuli nkhungu ndi fungo la nsomba. Nambala ya nyumba anaipeza mosavuta, inali pa makalata onse. Anakonza tsitsi, nagogoda.

Anatsegula mayi wachitsikana, khanda lili pamkono. Khandalo linali ndi mphumi ya Titus yeniyeni.

"Mukufuna amuna anga?" anafunsa m'Chingelezi, mwaulemu ndithu.

Titus anatulukira kumbuyo kwake, supuni ili m'manja. Supuniyo inagwa.

"Siku! Wabwera bwanji kuno?"

Namasiku anayang'ana khandalo, anayang'ana mayi wosalakwayo. Anatulutsa malaya abuluu aja, nawaika pampando wa pakhonde.

"Pepani mayi, ndine telala wa kwawo. Ndabweretsa malaya awo."

Anatembenuka, nayamba kuyenda. Titus anamuthamangira opanda nsapato.

"Siku wanga, imvera! Zinangochitika. Mtima wanga ukali kwa iwe, nalumbira!"

"Usalumbirenso, Titus. Mwana wako angamve."

"Manje uzapita kuti? Uzabwerera bwanji wekha? Leka nikupezere munthu wokuperekeza."

Apo Namasiku anaima, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku mapazi ake otuwawo.

"Unati mkazi sangafike kuno. Nafika. Bwerera, chakudya chako chizizira."

Sanacheukenso. Anatsata msewu wolowera kumene kunkachokera mphepo mpaka nyumba zinatha. Ndipo nayo nyanja! Madzi otuwa, aakulu, opanda tsidya, mbalame zapinki za miyendo yaitali zitaima m'mphepete mwake.

Anakhala pamchenga nalira, kulira kwenikweni, kofuula, popeza panalibe womudziwa. Misozi itatha anavula nsapato, nalowa m'madzi mpaka m'mawondo. Kuzizira kwake! Anakuwa, kenaka anayamba kuseka. Anatapa madzi m'manja, nalawa. Mchere weniweni!

Sanabwerere mawa lake. Anapeza chipinda panyumba ya alendo, nakhala masiku asanu. Anakwera phiri la mchenga chokwawa, natsika chotsetsereka. Anapita ku Swakopmund, nayenda m'masitolo a zovala akutembenuza madiresi kuona misoko yake, masitayelo atsopano akujambula m'kope.

Atabwerera ku Maramba, mayi ake anamukumbatira osafuna kumusiya. Pamsika azimayi anamuzungulira asanavundukule n'komwe makina.

"Nanga mwamuna uja unam'peza?" anafunsa ba Lonah.

"Ninam'peza, ba Lonah. Ninamusiya komweko."

"Mayo, mwana wanga! Njira yonse ija pachabe?"

"Pachabe?" Namasiku anaseka, natsegula kope lake patsamba loyera. "Manje niuzeni, ndani pamsika pano aziwa njira ya ku Dar es Salaam?"