Masamba a Jonasi

Lestina anali ndi mlongo wake wamng'ono. Dzina lake linali Jonasi. Lestina ankamukonda kwambiri Jonasi. Koma Jonasi ameneyu anali ndi vuto. Sankadya ndiwo zamasamba.

Lestina ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuti Jonasi azidya masamba.

Kwawo kunali ku Thyolo, pa esiteti ya tiyi. M'mawa uliwonse belu linkalira. Ngee! Ngee! Amayi ankabereka dengu lalikulu. Ankapita kukathyola tiyi.

Ana sankapita nawo ayi. Ana ankatsala pansi pa mtengo wa mbawa. Pamenepo ankawalera Mayi Alesi. Mayi Alesi anali ndi mwendo wovuta. Sankatha kukwera zitunda za tiyi. Koma kulera ana, eee, ankakudziwa!

Nanga Jonasi ankakaniranji masamba? Imvani.

Tsiku lina amayi anabwera kuchokera kuntchito. Padengu lawo panali tsamba limodzi la tiyi. Jonasi analitola. Analiponya m'kamwa. Anatafuna.

Mayo ine, kuwawa kwake!

Jonasi analavula. Analavulanso. Misozi inali mbwe mbwe mbwe.

"Amayi, chimenechi n'chiyani?" anafunsa.

"Amenewo ndi masamba, mwanawe," anatero amayi.

Basitu. Mawu amenewo anakhazikika m'mutu mwa Jonasi. Masamba amawawa. Masamba onse amawawa.

Mayi Alesi ankaphika nkhwani.

"Jonasi, idya masamba."

Jonasi pakamwa tseke!

Amayi ankaphika chigwada.

"Jonasi, idya masamba."

Jonasi pakamwa tseke!

Jonasi ankangodya chinangwa chokha. Lero chinangwa. Mawa chinangwa. Mkuja chinangwa. Timiyendo take tinawonda. Tsitsi lake linafiira. Anzake akamathamanga, iye ankakhala pansi. Ankatopa msanga.

Tsiku lina amayi anamuyang'ana Jonasi. Anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapukusa mutu.

"Mwanayu akutha," anatero amayi. "Ine ndimakhala kutiyi tsiku lonse. Sindingathe kumunyengerera. Chimanga chikauma, azakhali ake abwera. Adzamutenga apite naye ku Thekerani."

Lestina mtima unamupweteka. Ku Thekerani ndi kutali. Ku Thekerani ndi kuseri kwa mapiri. Ndani azidzamubereka Jonasi? Ndani azidzamuchotsa minga kuphazi?

"Amayi, akayamba kudya masamba, apitabe?" anafunsa Lestina.

"Akayamba kudya, sapita."

"Ndiye sapita," anatero Lestina. "Ine ndipeza njira. Muona!"

Lestina anayesa kumunyengerera.

"Jonasi, tangolawa pang'ono."

"Toto, achemwali. Amawawa."

Lestina anayesa kubisa ndiwo mkati mwa chinangwa. Jonasi ananunkhiza. Anazipeza. Ha, kamwana kochenjera aka!

Lestina sanafooke. Anakhala pamuzu wa mbawa. Anayamba kumuonetsetsa Jonasi.

Jonasi anali ndi masewero ake amodzi. Abambo anamulukira kadengu kakang'ono. Jonasi ankabereka kadenguko. Ankathyola nsonga za udzu. Ankathyola ngati mmene amayi amathyolera tiyi. Ndipo ankaimba:

"Awiri ndi kansonga,
awiri ndi kansonga,
ponya m'dengu!"

Pa esiteti aliyense ankadziwa lamulo limeneli. Tiyi sathyola chisawawa. Amathyola masamba awiri ndi kansonga kake.

Lestina anaimirira msangamsanga. Nzeru inali itabwera. Anathamangira kwa Mayi Alesi.

"Amayi Alesi, ndapota nanu. Tiloleni tilime kadimba."

"Kadimba? Ana inu?"

"Inde, ife tomwe. Paja pafupi ndi khwawa. Jonasi amakonda kuthyola. Akathyola yekha, mwina adzadya."

Mayi Alesi anaseka. "Iwe Lestina, mutu wakowu uli ndi zinthu! Chabwino. Mbewu ndili nazo."

Mayi Alesi anatulutsa kachiguduli. Anakamasula. Munali timbewu takuda, ting'onoting'ono.

"Uyu ndi bonongwe," anatero. "Sachedwa kumera."

Lestina anaitana anzake. Anaitana Teleza, mnzake wapamtima. Anaitana Malizani, mnyamata wolongolola. Anaitana ana onse a pambawa.

"Tamverani," ananong'ona Lestina. "Pali mawu amodzi oletsedwa. Wina asanene kuti masamba. Tizingoti bonongwe."

"Ine sindinganene," anatero Malizani.

"Iweyo makamaka!" anatero Teleza.

Ana anayamba kulima. Ena anali ndi timakasu takutha. Ena anali ndi timitengo. Ena ankatola miyala. Ena ankazula udzu. Mayi Alesi anakhala pachitsa. Ankaloza ndi ndodo yawo.

Jonasi anabwera pang'onopang'ono.

"Achemwali, mukutani?"

"Tikutsegula esiteti," anatero Lestina. "Esiteti ya ana."

"Esiteti yathuyathu?"

"Yathuyathu. Koma tikusowa kapitawo."

Jonasi maso anatuzula. Iye ankamudziwa kapitawo. Kapitawo ndi amene amayang'anira othyola tiyi. Amavala chipewa. Amasuzumira m'madengu onse.

"Ine! Ine ndikhala kapitawo!"

Lestina anatenga chipanda chakale. Anamuveka Jonasi kumutu. Chipewa chija chinapezeka.

"Zikomo, akapitawo," anatero Teleza. Anagwada pang'ono.

Ana onse anaseka. Jonasi naye anaseka.

Kapitawo ndiye anafesa mbewu. Anatapa ndi tizala take. Anamwaza kuti mwaa! Lestina anakwirira ndi dothi pang'ono.

M'mawa uliwonse ana ankatunga madzi kukhwawa. Ankathirira ndi zikho. Jonasi naye ankathirira. Madzi ena ankathira pamapazi ake. Palibe amene ankamukalipira.

Jonasi ankagwada. Ankasuzumira pansi.

"Achemwali, sanadzuke."

"Adzuka. Thirira."

Tsiku lotsatira ankagwadanso.

"Achemwali, sanadzukebe."

"Adzuka. Thirira."

Ndipo m'mawa wina Jonasi anakuwa. "Wadzuka! Bonongwe wadzuka!"

Zoonadi. Timitu tobiriwira tinali titatuluka.

Nkhuku nazo zinaona. Zinabwera kudzapalasa. Ha, zinalakwitsa! Kapitawo anazithamangitsa.

"Shii! Shii! Ino ndi esiteti ya ana!"

Anathamanga pang'ono. Anatopa. Anakhala pansi. Ana anzake anazika timitengo kuzungulira dimba. Nkhuku zinasowa polowera.

Bonongwe anakula. Anafika m'kakolo. Anakulabe. Anafika m'maondo mwa Jonasi. Dimba lonse linali biriwiri.

Tsiku lina ana anapita kukhwawa. Jonasi anatsala. Pobwera anamva nyimbo.

"Awiri ndi kansonga,
awiri ndi kansonga,
ponya m'dengu!"

Teleza anaponya chikho pansi. "Mayo! Taonani Jonasi!"

Jonasi anali pakati pa dimba. Chipanda chili kumutu. Kadengu kali kumsana. Anali atathyola nsonga za bonongwe yense. Mzere woyamba, wopanda nsonga. Mzere wachiwiri, wopanda nsonga.

"Wapha dimba lathu!" analira Teleza.

Lestina anachita mantha. Mantha enieni. Dimba likafa, Jonasi apita ku Thekerani.

Jonasi anadabwa. "Ndathyola bwino," anatero. "Awiri ndi kansonga. Ngati amayi."

Mayi Alesi anabwera ndi ndodo yawo. Anayang'ana dimba. Anayang'ana m'kadengu. Kenako anawomba m'manja.

"Pukuta misozi, Teleza. Bonongwe safa choncho. Ukamuthyola nsonga, amaphuka nthambi zambiri. Ndipo nsongazi ndiye zofewa. Akapitawo agwira ntchito!"

Jonasi anatukula chifuwa.

Ntchito inakula tsopano. Teleza anatsuka bonongwe. Lestina anasinja mtedza. Malizani anatola nkhuni. Mayi Alesi anatereka mphika. Anathira mchere. Anathira nsinjiro. Anatakasa.

Fungo lake, abale! Ana onse anameza malovu. Jonasi naye anameza malovu. Anasendera pafupi. Anasenderanso.

Mayi Alesi anapakula. Lestina anaika mbale patsogolo pa Jonasi. Jonasi anatambasula dzanja.

Pomwepo Malizani anadumpha ndi chimwemwe.

"Eee! Masamba apsa! Masamba apsa!"

Malizani iwe! Pakamwa pakopo!

Ana onse anamuyang'ana. Malizani anagwira pakamwa. Koma mawu anali atatuluka kale.

Jonasi anabweza dzanja. Anayang'ana mbale. Anayang'ana Lestina.

"Achemwali, amenewa ndi masamba?"

Lestina sanafune kunama.

"Inde, Jonasi. Ndi masamba."

Jonasi pakamwa tseke!

Teleza anafuna kuliranso. Koma Lestina sanalire.

"Dikira pomwepo," anatero.

Anathamangira kumsewu. Mumsewumo munkadutsa madengu opita kufakitale. Masamba a tiyi ankagwamo. Lestina anatola limodzi. Anathamangira kudimba. Anathyola tsamba limodzi la bonongwe. Anabwera nawo onse awiri.

"Jonasi, gwira ili."

Jonasi anagwira tsamba la tiyi. "Ndi lolimba. Likuterera."

"Tsopano gwira ili."

Jonasi anagwira tsamba la bonongwe. "Ndi lofewa."

"Kodi akufanana?"

"Ayi."

"Waona? Masamba alipo ambiri. Awa ndi masamba a kufakitale. Satafuna ayi. Koma awa ndi ena. Anafesa ndani?"

"Ine."

"Anathirira ndani?"

"Ine."

"Anathyola ndani?"

"Ine!"

"Ndiye awa ndi masamba a Jonasi."

Jonasi anayang'ananso mbale ija. Pakamwa panali potsekabe.

Mayi Alesi anatsokomola pang'ono. "Ana inu, musadye kaye," anatero. "Dengu silipita kufakitale kapitawo asanalione. Mbalenso chimodzimodzi. Akapitawo ayambe alawa."

Ana onse anapinda manja. Anadikira. Mimba ya Malizani inalira kuti kulululu!

"Chonde, akapitawo," anatero Malizani. "Tifa ndi njala."

Jonasi anakonza chipanda chake. Anatapa ndi chala chimodzi. Anatseka maso. Anaika palilime.

Anatafuna. Anatafunanso. Anameza.

Anatsegula diso limodzi. Anatsegula linalo.

"Achemwali! Sakuwawa!"

"Nanga akutani?"

"Akukoma!"

Ana anakuwa. Mayi Alesi analuluta. Lululu! Jonasi anatapanso. Ulendo uno anatapa ndi dzanja lonse. Mbale inayera kuti mbee!

Mayi Alesi sananame. Bonongwe anaphuka nthambi zambiri. Kapitawo ankathyola. Ana ankadya. Anabzalanso maungu. Anabzalanso khobwe. Jonasi analawa nkhwani. Analawa chitambe. Analawa ndi chigwada cha amayi chomwe.

Timiyendo tija tinayamba kulimba. Masaya anabwerera. Nkhuku zinaleka kumuderera.

Chimanga chinauma. Azakhali anafika kuchokera ku Thekerani. Anafika ndi nsalu yoberekera mwana.

"Ali kuti mwana wodwalayo?" anafunsa azakhali.

Pomwepo tambala anadutsa ali liwiro. Pambuyo pake panali kamnyamata. Chipanda chili kumutu. Fumbi lili koboo!

"Ndi ameneyo," anatero Lestina.

"Ameneyo? Amene akuthamangayo?"

"Yemweyo, azakhali."

Onse anakhala pamphasa kuti adye. Amayi anabweretsa bonongwe wotendera. Lestina ankayang'ana. Amayi ankayang'ana. Abambo ankayang'ana. Azakhali ankayang'ana.

Jonasi anadya. Anadya. Ananyambita zala. Kenako anakweza mbale yake.

"Amayi, ndiwonjezereni masamba."

Amayi anaseka mpaka misozi.

"Alamu, pepani ndi ulendo," anatero amayi. "Mwanayu sapita."

Azakhali anafunyulula nsalu ija. "Ndiye ine ndibwerere chimanjamanja?"

"Ayi, azakhali!" anatero Jonasi.

Anathamangira kudimba. Anabwera ndi kadengu kodzaza. Anakhuthulira bonongwe munsalumo. Azakhali anamanga bwinobwino. Anasenza.

Lestina anamunyamula Jonasi. Anafuna kumubereka.

"Iii, Jonasi! Walemera!"

"Nditsitseni, achemwali," anatero Jonasi. "Ndiyenda ndekha."

Ndipo anagwirana manja. Anapita kukathirira.