Khomo la a Kayange

Dzuwa litatsala pang'ono kulowa kuseri kwa mapiri a Misuku, Margret anasenza ndowa ya madzi ofunda, m'manja muli mbale ya nthochi zophika ndi nyemba, n'kutsetsereka kanjira ka m'munda wa khofi kupita kwa apongozi ake aamuna, a Elijah Kayange. Atafika anatula ndowa, naika mbale pamwala wapakhomo, n'kufulatira chitseko. Anatsokomola kawiri kuti mkuluyo adziwe kuti chakudya chafika, basi n'kumapita. Ankachita zimenezi tsiku ndi tsiku.

Margret anali wa ku Dedza. Tsiku limene mwamuna wake Laston anabwera naye kuno, azimayi anamukhazika pansi n'kumuuza lamulo la mkamwana, mkazi wokwatiwa pamudzi: apongozi aamuna sawayang'ana kumaso, salowa m'nyumba mwawo, dzina lawo salitchula. Poopa kusekedwa kuti ndi wobwera, anausunga mwambowo kuposa eni ake, zaka zisanu ndi ziwiri osaphonya. Chimene azimayi aja sanaganize n'chakuti mwambowo unkayenda bwino chifukwa mkuluyo anali ndi mkazi wake m'nyumba. Mkaziyo atamwalira, palibe amene anafunsa kuti tsopano azilowa ndani.

Laston ankawotcherera zitsulo ku Chitipa Boma, ndipo zinthu zitamuyendera anawamangira bambo ake nyumba ya njerwa ndi malata kumapeto kwa munda, kutali ndi phokoso la ana, kuti azipumula. Sanali yekha. Chaka chimenecho ana anayi opeza bwino, kuphatikizapo iyeyo, anamangira makolo awo nyumba zoterezi, zokongola ndithu, zozizira ngati m'kati mwa mtsuko, munthu mmodzi m'nyumba imodzi. Mudzi wonse unayamikira, ena mpaka kuchita kaduka.

Kenaka maliro anayamba. Mayi woyamba wa m'nyumba zatsopanozo anamupeza m'mwezi wa Malichi atakhala pampando, mutu utagwera pachifuwa. Mu Epulo anatsatira bambo wina amene dzulo lake anthu anamuona akuwotha dzuwa. Wachitatu anapita mvula itangosiya. Palibe amene anadwala matenda oti n'kuwatchula dzina. Mwa nyumba zinayi zija, utsi unkangotuluka kwa a Kayange okha, nawonso wa apo ndi apo.

Anthu akasowa matenda amafuna munthu, ndipo sanachedwe kumupeza. Panali a Eluby Namsukwa, aakulu kuposa onse amene anamwalirawo. Iwo ankakhala m'nyumba yakale ya udzu pamodzi ndi mwana wawo wamkazi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri ndi nkhuku kunsi kwa bedi, moti malo owongolera miyendo kunalibe. Tsiku lonse ankakalipira ana, ana n'kumawaseka, koma chitunda chopita kutchalitchi ankakwera osapumira. Ndodo yawo inali ndi kachitsulo kunsonga, ndipo pamiyala inkamveka go, go, go. Akadutsa ankasiya fungo la fodya wapamphuno ndi mafuta otikitira miyendo.

Wina anakumbukira kuti anamva ndodoyo pakhomo pa mayi woyamba uja. Wina anati fungo limenelo analimva m'nyumba ya wachiwiri posambitsa mtembo. Pogaya khofi azimayi ankanong'onezana kuti munthu sangakalambe chotero osadwala, ndiye kuti akudya zaka za anzake.

Tsiku lina chakumadzulo, Margret atangotsokomola n'kubwerera, anamva go, go, go kuchokera kumtsinje. Anabisala m'mitengo ya khofi. Anawaona a Namsukwa akutola mbale ija n'kulowa osanena odi. M'katimo munamveka manong'onong'o, madzi kukhavuka, ndi apongozi ake akubuula. Asanafike n'komwe kunyumba anali atamuimbira kale Laston. Sanatero chifukwa cha nkhanza ayi, ankawakonda apongozi akewo, ngakhale ankawadziwa ndi mawu okha.

Loweruka Laston anatulukira pa njinga yamoto, matope mpaka m'mawondo. Anawaitanitsa a Namsukwa pakhomo pa bambo ake, anthu atadzaza m'munda, n'kuwafunsa chimene amadzatenga m'nyumba za anthu amene amafa. Iwo anati amadzacheza, ndipo ngati pali zina awafunse adada akewo. Laston anawafunsa bambo akewo ataima pachitseko. M'nyumbamo munangoti zii.

A Namsukwa anadikira kanthawi, maso ali kuchitsekoko, kenaka anatsamira ndodo yawo.

"Yewo, zikomo mwana wanga, ine ndasiya," anatero. "Koma m'nyumba umu wina azilowa."

Anthu anati mwamva, akuopseza. Mawa lake miyala inayamba kugwa padenga la a Namsukwa, ndipo mwana wawo, poopa moto, anawakweza galimoto kupita nawo ku Lufita kwa mdzukulu wina amene anali ndi kachipinda kuseri kwa nyumba. Laston anabwerera ku Boma tsiku lomwelo, mtima uli m'malo.

Mudzi unapuma. M'mawa uliwonse Margret ankapeza mbale ili mbee, n'kumathokoza Mulungu kuti apongozi ayamba kudya bwino. Patangopita milungu iwiri kunabwera uthenga woti a Namsukwa amwalira. Mdzukulu uja anawapeza pobwera kuntchito atagona pamphasa, nkhope ili kukhoma. Sanadwale. Anawaika komweko, poti abale anaopa kubwera ndi maliro kuno, ndipo anthu anati ufiti wawo wawabwerera.

Madzulo a tsiku loika malirowo kunachita nkhungu yambiri. Margret anatula ndowa, naika mbale, nafulatira. Asanatsokomole anamva go, go, go kumbuyo kwa mitengo. Ndodoyo inabwera pang'onopang'ono, inadutsa pafupi naye moti fungo la fodya ndi mafuta linamulowa m'mphuno, koma m'njiramo munalibe munthu. Chitseko chinalira. M'katimo apongozi ake anayankhula, ndipo mawu ena, a mayi wokalamba, anawayankha.

Anathamangira kwa Rosemary, mnzake woyandikana naye nyumba.

"Abwera," anatero Margret. "Ali m'nyumba mwa adada."

"Ndani?"

"Amene aikidwa lero."

"Musalowemo," anatero Rosemary motsitsa mawu. "Ndinu mkamwana. Muyembekezere abambo akunyumba."

Laston anati afika Loweruka, ntchito yamuchulukira. Madzulo anayi otsatizana ndodo ija inabwera, ndipo amene ankadutsa kumundako anaimva, n'kuyamba kuzungulira njira ina. Amuna a m'mudzimo, amene mwambo sunkawaletsa kulowa, aliyense anapeza chochita kwina. Margret ankangotula zinthu n'kuthawa. Koma anazindikira kuti ndowa akuipeza yodzaza monga anaisiyira, madzi atazizira.

Tsiku lachisanu anachita chimene sanachitepo. Atatsokomola n'kuyenda pang'ono, anacheuka. Galu wa kwa Rosemary anali atatuluka kale m'tchire, mutu uli m'mbale, akudya mosapupuluma ngati wozolowera. Margret anaima, nawerenga masiku kuchokera tsiku limene a Namsukwa anachoka, ndipo mantha a mfiti anam'thera pomwepo, m'malo mwake munalowa mantha ena oposa.

Anakankha chitseko. Fungo la mkodzo ndi nsalu zonyowa linamulandira. A Kayange anali pansi pafupi ndi bedi, atatsala mafupa okhaokha, milomo itang'ambika. Pambali pawo panali makoko a nthochi zaziwisi ndi chigubu chopanda madzi. M'nyumbamo munalibe munthu wina.

"Ndani?" anafunsa.

"Ndine Margret, adada."

Mkuluyo anayamba kupapasa pansi kufuna bulangete kuti abise nkhope, koma ankapapasa mbali imene kunalibe kanthu. Margret anagwada, nawayang'ana kumaso koyamba chikwatiwire. Maso onse awiri anali oyera ndi ng'ala.

Anawanyamula mutu n'kuwamwetsa madzi a m'ndowa ija pang'onopang'ono. Mawu atabwerera anamuuza kuti maso anapita chaka chatha, ndipo anawalumbiritsa a Namsukwa kuti asauze munthu, chifukwa sankafuna kuti mwana wawo aone kuti nyumba imene anaivutikira akukhalamo munthu wosaiona. A Namsukwa ndi amene ankalowetsa mbale, kuwasambitsa ndi kuwagwira dzanja popita kuchimbudzi. Ankachita chimodzimodzi kwa anzawo atatu aja, pamene miyendo inkawalola. Iwo atachoka, mkuluyo ankakwawira pakhomo n'kupeza galu wawatsogolera, mpaka mphamvu zokwawira zinatha. Kuitana mkamwana sakanatha, ndipo anachita manyazi kukuwa.

"Nanga masiku anayiwa mumayankhula ndi ndani, adada?"

"Namsukwa yemweyo. Amangobwera kudzacheza. Akuti mbale sangathenso kuinyamula."

Margret anakuwa kuitana anthu, ndipo anabwera ataona kuti chitseko chili chotsegula. Anamanga machila kuti atsike nawo kuchipatala, koma a Kayange anatsirizikira panjira, asanawoloke mtsinje, dzanja lawo lili m'dzanja la mkamwana wawo.

Pamaliro anthu anagwirizana kuti mfiti ija inabwerera kudzatenga wotsala. Azimayi ena anadandaulanso kuti mkamwana analowa m'nyumba ya apongozi, zinthu zosayenera. Margret analira mpaka mawu kutha, ndipo anthu anadabwa kuti wobwera akulira kuposa mwana wobereka. Iye ankalirira chaka chathunthu chimene anaima pakhomo paja madzulo aliwonse, mapazi asanu kuchokera pamene mkuluyo anali, akubisa nkhope yake kwa munthu amene sankaona.